Mmisiri Amene Amaitanidwa Mjigo Utafa Kale

Wokonza mijigo akafika pa mjigo umene wayamba kuvuta sathamangira sipanala. Amatsamiritsa njinga pamtengo, n'kupereka moni kwa amayi amene ali pamzere, kenako amapempha ndowa ya malita 20 yopanda kanthu. Amagwira handulo n'kuyamba kupopa akuwerenga chamumtima, kukweza mpaka pamwamba, kutsitsa mpaka pansi. Akafika pa 40 amaima n'kusuzumira m'ndowamo. Mjigo wa Afridev ukakhala wabwinobwino, kupopa ka 40 pa mphindi imodzi kumatulutsa malita osachepera 16, kotero ndowa ija iyenera kukhala itatsala pang'ono kudzaza. Madzi akalekeza pakati, iye wadziwa kale kuti kalabala ka pa pulanja, kamene amakatcha U-seal, kadyeka. Akatero amapempha anthu kuti ausiye mjigowo upume kwa theka la ola. Pobwerera amawerenganso. Madzi akatuluka asanapope kopitirira kasanu, pansi pali bwino. Akachedwa ndiye kuti akuthawa, mwina pa valavu ya pansi yotchedwa foot valve, mwina paipi yang'aluka penapake, mamita 20 kapena 30 pansi pa mapazi ake.

Ndidayamba kuziona zimenezi kwa bambo wina wa imvi wa cha ku Nsaru. Pakaliyala ya njinga yake padali thumba la feteleza, ndipo m'thumbamo mudali sipanala, sowo yodulira mapaipi, chingwe, kachitini ka guluu ndi zitsulo zopindapinda zowedzera zinthu zogwera m'dzenje. Chimene chidandigwira mtima n'chakuti ntchito yake yaikulu imachitika pa zinthu zimene sangazione. Kalipentala wa pa Namitete amaliona thabwa lake, telala amaiona nsalu, koma uyu amadalira dzanja ndi khutu. Handulo ikamagwedera cham'mbali, mabushi atha. Ikapepuka mwadzidzidzi, rodi yaduka kapena yakolowoka pa inzake. Madzi akamatuluka ofiira m'mamawa, dzimbiri likudya marodi. Akamatuluka ndi mchenga, cholakwa chidachitika tsiku lokumba, ndipo palibe kalabala kamene kangachize zimenezo. Zonsezi amazinena asanamasule nati ndi imodzi yomwe, ndipo akatsegula, kawirikawiri zimapezeka momwe ananenera.

Ambiri opopa sadziwa kuti mjigo umenewu udabadwira kwathu konkuno. Kale m'midzi mudali mapampu olemera, ena a gudumu lalikulu monga Climax, ndipo akawonongeka mudzi unkadikira lole ya boma kuti ibwere ndi anthu ndi zida zokwezera mapaipi achitsulo. Kudikirako kunkatenga miyezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa ntchito yokumba mijigo m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu, akatswiri adapanga pampu imene adaitcha Maldev. Ganizo lake lidali lakuti zonse zimene zimadyeka msanga zizitha kutuluka ndi manja kudzera m'kati mwa paipi, popanda kuzula mapaipi onse. Ntchitoyo idapitirira ku Kenya mothandizidwa ndi World Bank ndi UNDP, kumene adawonjezerako mabushi a pulasitiki, ndipo pampuyo idabwerera kuno ndi dzina la Afridev. Imatha kukweza madzi kuchokera pa mamita 45, ndipo ndi imene boma lidaisankha kuti iziikidwa pa mijigo yakuya. Pa zitsime zosaya pamaikidwa ina yotchedwa Malda.

Pampu itapepuka chomwecho, m'zaka za m'ma 1990 boma lidasintha ndondomeko: mjigo ndi wa anthu, ausamale okha. Mjigo uliwonse umakhala ndi komiti, kawirikawiri ya anthu khumi, ndipo ena mwa iwo, amayi ndi abambo, amaphunzitsidwa kwa masiku ochepa kusintha timalabala ndi mabushi. Koma a komiti amasamuka, amakwatiwa kutali, amamwalira, ena amangoiwala, ndipo sipanala ya mudzi imasowa. Pakati pa komiti imene yagwa ulesi ndi mlangizi wa zamadzi wa ku khonsolo, amene dera lake ndi lalikulu ndipo mafuta a njinga yamoto sapezeka nthawi zonse, padatsala mpata. Mu mpata umenewo ndi momwe mudalowa mmisiri wa m'dera. Adasankhidwa, adaphunzitsidwa, ena adapatsidwa njinga ndi zida, koma sali pa malipiro a boma. Amadya zimene midzi yamupatsa.

Kumadzulo kwa Lilongwe ntchito ya anthu amenewa si yochepa. Pakati pa zaka za m'ma 2000 dziko la Japan lidathandiza kukumba mijigo pafupifupi 300 m'madera a mafumu aakulu Kalolo ndi Khongoni, ndipo mijigo imeneyo tsopano yakalamba. Kuwonjezera apo pali ya matchalitchi, ya mabungwe, ya aphungu, kuyambira ku Mpingu kukafika ku Kabudula ndi Nambuma. Bungwe la ku France la Inter Aide, kudzera mu ntchito ya Mjigo Usafe imene pambuyo pake idapitirizidwa ndi bungwe la kuno la BASEDA, lidaphunzitsa amisiri m'boma la Lilongwe ndi kunyengerera eni magolosale a m'misika kuti azisunga zipangizo za mijigo pa shelefu. Mmisiri mmodzi amatha kuyang'anira mijigo makumi angapo. Munthu akamva chiwerengero chimenechi angaganize kuti pali ndalama. Khalani nawo pansi amisiriwo mumve.

Onse amayambira pa dandaulo limodzi, lakuti amaitanidwa mjigo utafa kale. Pamene ukulira, pamene handulo ikugwedera, pamene ndowa ikutenga nthawi kudzaza, palibe amene amatuma mwana. Pangano la m'midzi yambiri n'lakuti khomo lililonse lizisonkha kandalama pamwezi, koma mlembi akayamba kuyenda ndi kope amamva yankho lomwe lija: "Mjigo ukutulutsa madzi, tisonkherenji?" Tsiku limene waima ndi pamene anyakwawa amaitanitsa msonkhano, ndipo kusonkha kumatenga sabata kapena kupitirira. Kumene ndalama zidasonkhedwa, nazonso zili ndi nkhani yake. Kudagwa maliro, zidakagula nsalu ndi ufa. Mayi msungichuma mwana wawo adadwala usiku, adabwerekako kuti athamangire ku chipatala cha St Gabriel's, adzabweza akagulitsa mtedza. Wapampando adazilowetsa ku banki m'khonde kuti zibereke, ndipo sizingatuluke mpaka tsiku logawana. Palibe chimodzi mwa zifukwa zimenezi chimene ndingachitche kuba. Koma mmisiri amene wapalasa njinga kuchokera kutali amabwerera ndi mawu okha: "Amisiri, mwagwira ntchito, tikuonani mwezi ukatha."

Nyengo nazo sizimukomera. Ndalama zimapezeka m'mudzi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, anthu akagulitsa fodya, soya ndi mtedza, ndipo nthawi imeneyo mijigo yambiri imakhala ikuyenda bwino. Mu Okutobala ndi Novembala zitsime za m'madambo zimaphwa, mudzi wonse ndi midzi yoyandikana nayo imakhamukira pa mjigo umodzi, oumba njerwa ndi othirira nazale za fodya nawonso ali pomwepo, handulo siipuma kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Mjigo umene udakonzedwera anthu pafupifupi 250 umasenza oposa pamenepo, madzi pansi atsika, ndipo ndi pamene zinthu zimaduka. Koma nthawi imeneyo kandalama kalikonse kalunjika ku feteleza. Ukafa mu Januwale kapena Febuluwale, pamene nkhokwe zili pululu, mmisiri amadziwa asananyamuke kuti akukagwira ya ngongole.

Palinso chibale. Mmisiri wa m'dera ndi mwana wa m'dera lomwelo. Mudzi uwu ndi kwa apongozi ake, uwo ndi kumene adakwatiwa mlongo wake, winawo ndi wa amfumu amene adamusankha kuti akaphunzire. Wina adandifotokozera kuti chovuta si kutchula mtengo, chovuta ndi kuutchulanso kachiwiri pamaso pa azakhali ako amene akukuuza kuti, "Mwana wanga, madzi omwewa sumwa iwe ukabwera kuno?" Ena amalandira nkhuku, ena chitini cha chimanga, ena nsima ya masana basi. Alipo amene adaphunzira kuuma mtima, ndipo samasula nati asanaone theka la ndalama. Amenewo amatchedwa odzikonda, ndipo mudzi umakatenga wokonza njinga wa pamsika kuti ayeseko. Iye amatsegula, kenako chinthu chimagwera m'dzenje, ndipo mmisiri uja amaitanidwabe, ntchito itakula kuposa poyamba.

Njira yothetsera zimenezi ilipo ndipo amisiri onse amaidziwa. Ndi mgwirizano wa pachaka: komiti imalipira kamodzi, mmisiri amabwera kangapo pa chaka, amatsegula, amayang'ana, amasintha zodyeka zisanawononge zina. Kumene akuchita zimenezi mjigo umatha zaka osaima. Koma pamenepo pamabuka vuto lina limene limandipweteka mtima ndikaliganizira. Mjigo ukapanda kufa chaka chonse, pa msonkhano wotsatira wina amaimirira n'kufunsa chifukwa cholipirira munthu pa mjigo umene suvuta. Ntchito yabwino ya mmisiri imafafaniza umboni wakuti ntchitoyo ikufunika. Amene amatchuka ndi uja wobwera mudzi utavutika sabata ziwiri, amene amayi amamuimbira nthungululu madzi akatuluka.

Sindikufuna kuweruza mayi amene akusankha pakati pa chigayo ndi msonkho wa mjigo. Koma masamu ake ndi ouma. Zinthu zimene zimayenera kusinthidwa chaka ndi chaka ndi zazing'ono komanso zotsika mtengo kuposa zina zonse: U-seal, kalabala kozungulira ka pa foot valve, mabobini ndi mabushi a pulasitiki. Mabushi akatha osasinthidwa, chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake, mapini amadyeka, mabowo a mutu wa pampu amakula, ndipo zimenezo zimafuna wowotcherera kapena mutu watsopano. Timalabala togwira marodi kuti akhale pakati tikatha, marodi amakhula paipi mpaka kuiboola. Mudzi umene udakana kugula kalabala umadzagula mapaipi, guluu ndi masoketi, n'kulipiranso ntchito ya tsiku lathunthu.

Zipangizo zambiri za Afridev zimachokera ku India, ndiye zimatsata dola. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, idagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zipangizo idakwera nayo. Msonkho wa pakhomo m'midzi yambiri udatsala pomwe udali, chifukwa kuukweza kumafuna msonkhano, ndipo palibe wapampando amene amafuna kudedwa. Mwini golosale naye amawerengera zake. Shuga ndi sopo zimatuluka tsiku lomwelo, pomwe pulanja imatha miyezi ikuchita fumbi pa shelefu, ndiye ikatha saitanitsanso. Mmisiri amakwera minibasi ya pa msewu wa Mchinji kapena galimoto za ku Nsaru kupita m'tauni, kukasakasaka m'mashopu a zitsulo a ku Malangalanga, ndipo ndalama ya ulendo imaposa mtengo wa chinthu chimene wapitira. Kumenekonso ayenera kukhala maso. Pali timalabala tooneka bwino timene timang'ambika pa masabata ochepa. Pali marodi onyezimira ogulitsidwa ngati achitsulo chosachita dzimbiri, koma akakhala m'madzi nyengo imodzi afiira. Ochenjera amayenda ndi maginito a sipika yakufa, chifukwa maginito amamata mwamphamvu pa chitsulo wamba, pomwe pa chosachita dzimbiri chenicheni amangogwira pang'ono kapena osagwira n'komwe. Akanyengedwa, mudzi suloza chala wa shopu amene sumudziwa. Umati mmisiri adagula zotchipa, zotsalazo adadya.

Tsiku lozula mapaipi ndi limene luso la munthu ameneyu limaonekera poyera. Mapaipi a Afridev ndi a pulasitiki, omatidwa ndi guluu kukhala chinthu chimodzi kuchokera pamwamba mpaka pa silinda, kotero sangamasulidwe imodziimodzi. Amatuluka onse pamodzi, mamita 30 kapena kuposerapo. Mmisiri amayamba watulutsa marodi, kuwakolowola imodziimodzi n'kuwandandalika pamalo oyera. Kenako amaitanitsa amuna ndi anyamata, n'kuwatuma kukadula mitengo ya mphanda, yaitali ndi yaifupi. Ena amakoka paipi ndi chingwe pakamwa pa dzenje, ena amailandira ndi mphandazo, kuti ikamatuluka ipindike pang'onopang'ono m'mwamba n'kukatera patali osathyoka. Mmisiri sagwira kwenikweni, amangolamula. "Kwezani apo, achimwene! Musathamange! Inu a kumapeto, bwererani m'mbuyo!" Mmodzi akatopa n'kutsitsa mphanda nthawi isanakwane, paipi imathyoka, ndipo chotsala chikhoza kubwerera m'dzenje. Akapeza pong'aluka amadula, kupala m'mphepete, kupukuta, kupaka guluu, kulowetsa soketi, n'kudikira kuti ziume, ngakhale amayi akhale akung'ung'udza kuti dzuwa likulowa. Osowa soketi amawotcha paipi pamoto kuti ikule kukamwa n'kulowetsamo inzake. Zimagwira, koma amisiri okhwima amadziwa kuti pamenepo ndi pamene padzayambire kuthawa madzi.

Zikagwera m'dzenje pamatsala kuwedza, ndipo si mmisiri aliyense amakutha. Munthu amatsitsa chitsulo chopinda pa chingwe kapena pa marodi, m'bowo lopapatiza la mdima, n'kumamvetsera ndi zala ngati chakhudza, ngati chakola, ngati chikubwera kapena chapulumuka. Zowedzera zambiri amisiri amapangitsa okha kwa owotcherera a pamsika, aliyense ndi kapangidwe kake. Ntchitoyi imatha kutenga ola limodzi kapena masiku, ndipo palibe njira yotchulira mtengo wake pasadakhale. Akalephera, dzenje limene lidadya mamiliyoni pokumba latayika. Akapambana, anthu amangoona chitsulo chamatope chatuluka, ndipo ena amafunsa ngati zimenezo n'zolipiritsa. Amene amadziwa kuwedza ambiri ndi achikulire, ndipo ndikawafunsa za amene akuwaphunzitsa amapukusa mutu.

Achinyamata sadathawe mapampu ayi. Adapita ku mapampu ena. M'madimba a m'mbali mwa mitsinje ya Namitete, Bua ndi Nambuma mudadutsa thiredo pampu, imene boma ndi mabungwe adagawa kwambiri m'zaka za m'ma 2000, mudabwera injini za petulo zimene zimagona mafuta akasowa, ndipo tsopano mwadzaza za sola. Pakati pa zimenezi pali kapampu kakang'ono ka mavoti 12, kokwana m'manja awiri, kamene kamakoka madzi ndi paipi yofewa n'kuwapemerera mwamphamvu. M'maiko a kunja timapampu ta mtundu umenewu timaikidwa m'maboti ang'onoang'ono okokedwa pangolo kumbuyo kwa galimoto, ofanana ndi amene nthawi zina timawaona akupita ku Salima, ndipo ntchito yake ndi kutsuka matope ndi magazi a nsomba m'botimo. Kuno tapeza ntchito zina: kutsuka njinga zamoto za kabaza pamsika, kuthirira nazale, kukweza madzi kuchokera pachitsime kupita m'diramu.

Kaikidwe kake n'kamodzi, kaya ndi m'boti kaya ndi m'dimba. Pampu imamangidwa pamalo ouma, pafupi ndi madzi, chifukwa imakankha bwino kuposa momwe imakokera. Kumene madzi akulowera kumafunika sefa, popeza kamchenga kamodzi kakakhala pa timavalavu ta m'kati mphamvu yonse imatha. Polumikiza paipi yokokera pamafunika zomangira zolimba, chifukwa mpweya ukamalowa pampu imangolira osatulutsa kanthu. Waya ayenera kukhala wonenepa, ndipo pafupi ndi batire pamaikidwa fyuzi kuti zinthu zikasokonekera ipse fyuziyo, osati pampu kapena nyumba. Timapampu tambiri totere tili ndi kaswitchi kozimitsa kokha munthu akatseka mpopi, ndipo kakamayaka n'kuzima pomwe mpopi uli wotseka ndiye kuti penapake pakudontha. Anyamata amene amachita ntchitoyi ambiri adayambira ku kulumikiza magetsi a sola m'nyumba kapena kukonza mafoni, ndipo adaphunzira poyesa. Zolakwa zawo zimafanana. Wina amalumikiza pampu ku panelo mwachindunji, osadziwa kuti panelo yolembedwa mavoti 12 imatulutsa 18 kapena kuposa dzuwa likaswa mtengo. Wina amagwiritsa ntchito waya wa wailesi amene amatentha mpaka kusungunuka. Wina m'malo mwa sefa amamanga kachidutswa ka neti ya udzudzu ndi legeni, ndipo zimathandizadi mpaka tsiku limene legeniyo yaduka.

Ngakhale luso lawo lili losakhwima poyerekeza ndi la bambo wa ku Nsaru uja, anyamatawa amalipidwa tsiku lomwelo. Chifukwa chake si chobisika. Kapampu ka m'dimba kali ndi mwini mmodzi, ndipo mwiniyo akuona tomato wake akufota. Wotsuka njinga akapanda pampu lero, makasitomala apita kwa mnzake. Palibe msonkhano, palibe kope, palibe kudikira amfumu. Mjigo ndi wa anthu mazana, ndipo aliyense amayembekeza kuti mnzake ayambe kutulutsa ndalama. Mnyamata amene ali ndi mutu wa zamakina akayang'ana mbali ziwirizi sachedwa kusankha, ndipo ine sindingamudzudzule. Amisiri ena a mijigo nawonso ayamba kuphunzira za mawaya, ndipo akuchita bwino, pakuti mijigo ina ya pa sukulu ndi pa zipatala yachotsedwa mahandulo n'kuikidwa mapampu a sola okweza madzi m'mathanki. Zimenezo n'zabwino pamene zikuyenda. Koma kabokosi koyendetsa pampu yotere kakapsa, palibe golosale ya pa Kabudula imene ingakhale nako, ndipo anthu amayambanso kufunsa ngati handulo yakale ija idasungidwa.

Mu 2016 akatswiri a British Geological Survey pamodzi ndi a University of Malawi adayendera mijigo 200 m'maboma asanu, limodzi mwa iwo Lilongwe. Adapeza kuti pafupifupi mjigo umodzi mwa inayi sunkatulutsa madzi pa tsiku limene adafika, ndipo mwa imene inkatulutsa, ina inkapereka ochepa kapena inkaimaima pa chaka. Mjigo ukaima, amayi sasiya kutunga. Amabwerera ku chitsime cha kudambo kumene kumamwanso ng'ombe, kapena amayenda mtunda kukapempha ku mudzi wina kumene amawalipiritsa pa ndowa. Tonse tikukumbukira kolera imene idayamba mu Marichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe idali pakati pa maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Alangizi a zaumoyo ankagawa klorini khomo ndi khomo, ndipo adagwira ntchito yotamandika. Koma munthu wa thumba la feteleza pakaliyala naye adali kutchinga matenda omwewo, ndipo dzina la ntchito yake silinkamveka pa wailesi.

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti ndalama zokumbira mjigo watsopano zimapezeka, makamaka chisankho chikayandikira. Pamabwera makina, pamamangidwa chikwangwani, pamadulidwa riboni. Nthawi zina watsopanoyo amakumbidwa mtunda wochepa kuchokera pa wakale amene adangofuna mapaipi awiri ndi tsiku limodzi la mmisiri. Midzi ina idaphunzirapo kanthu: ukasonkha umakonza wekha, ukadikira mwina wina adzakukumbira. Amisiri amadandaula kuti phunziro limeneli ndi limene likuwapha kuposa kukwera kwa mitengo, chifukwa komiti imene ikuyembekeza phungu siisaina mgwirizano ndi munthu wa njinga yakapalasa. Ndalama ya mjigo umodzi watsopano ikadakwana kugula timalabala ndi mabushi a mijigo yambirimbiri kwa chaka chathunthu, koma kalabala kali pansi pa nthaka sikaoneka pa chithunzi cha kampeni.

Sindikuona chimene chingaletse khonsolo ya Lilongwe kupatula gawo la ndalama za chitukuko kuti lizilipira amisiri pa mjigo uliwonse umene watha chaka osaima, m'malo mowasiya kuti azidyera pa imfa ya mijigo. Sindikuonanso choletsa sukulu za ntchito zamanja, monga ya pa Namitete, kuitana akuluakulu odziwa kuwedza aja kuti adzaonetse achinyamata manja awo asanayambe kunjenjemera, ndi kuti achinyamatawo nawo aphunzire bwino za fyuzi ndi mawaya. Koma zimenezo n'za akuluakulu a m'maofesi, ndipo zimatenga nthawi.

Chimene chili m'manja mwanu, a komiti ndi inu amfumu, n'chapafupi. Sonkhetsani za chaka chonse mu Juni kapena Julayi pamene anthu agulitsa mbewu, ndipo amene alibe ndalama apereke mtedza kapena soya. Musasunge ndalamazo m'nyumba ya munthu: gulani zipangizo nthawi yomweyo mitengo isanakwerenso. Itanani mmisiri mjigo ukadali kutulutsa madzi, Okutobala asanafike, ndipo akamaliza mumulipire tsiku lomwelo asanakwere njinga yake.